PABWALO LA BANJA: Masewero a Achinyamata ndi Ana Athu a ku Mapiri



Amene amayenda pa msewu wochokera ku Salima kupita ku Lilongwe amadziwa kuti galimoto ikangoyamba kukwera zitunda za ku Mvera, mphepo imasintha, kutentha kwa kunyanja kumatsala m'mbuyo. Msewu umenewu ndi umene ana athu ena amadzera akasankhidwa kupita ku sukulu za sekondale za m'boma la Dowa ndi Ntchisi. Timawaperekeza ndi thumba la ufa, kausipa kouma ndi malangizo ambirimbiri. Ena amakagonera pa sukulu pomwepo, ena amachita lendi kanyumba n'kumadziphikira okha. Kumeneko Asilamu ndi ochepa poyerekeza ndi kwathu kuno. Mvera ndi malo a mbiri ya Chikhristu, pakuti ndi pamene abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed adakhazikitsa mishoni yawo yoyamba m'chaka cha 1889. Mwana wozolowera kudzuka ndi azana ya m'bandakucha amapezeka ali kutali ndi mzikiti, kutali ndi mwalimu wake wa ku madrasa, kutalinso ndi diso la mayi ake.

Koma lero nkhani yathu si ya anansi athu Akhristu, amene nawonso akulira maliro omwewa. Nkhani yathu ndi ya mlendo amene amapita nawo anawa m'thumba la malaya, ndiye foni ya m'manja, ndi masewero a achinyamata amene amaonera m'menemo usiku nyali zitazima.

Achikulirefe tidakula ndi wailesi. Wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba m'chaka cha 1999, ndipo kwa zaka zambiri kanema ankaonera pagulu, pa nyumba ya mphunzitsi kapena mu kachisakasa ka vidiyo pa msika. Mwana akalowa mu vidiyo, mudzi wonse unkadziwa. Lero si choncho. Kampani ya Netflix idatsegula zitseko zake ku maiko ambiri a mu Africa m'chaka cha 2016, ndipo ngakhale ambiri a ife sitingathe kulipira, masewero ake amafika ndithu. Amaikidwa pa memori khadi ndi anyamata a makompyuta pa msika, amatumizidwa pa WhatsApp, zidutswa zake zimayenda pa Facebook ndi TikTok. Foni imodzi imakwanira atsikana asanu ofunda bulangete limodzi m'nyengo yozizira ya ku mapiri.

Kodi masewero amenewa ndi otani? Titchulepo awiri kuti makolo adziwe maina. Loyamba ndi Never Have I Ever, la ku America, limene lidaonetsedwa kuyambira 2020 mpaka 2023. Likunena za mtsikana wa zaka 15, dzina lake Devi, wa m'banja la Chihindu, amene bambo ake amwalira mwadzidzidzi. Iyeyo ndi wanzeru m'kalasi koma sawerengeredwa pakati pa anzake. Tsono akuganiza kuti mankhwala a vuto lake ndi kupeza chibwenzi, ndipo akuuza anzake awiri apamtima kuti nawonso achite chimodzimodzi. Akupita kwa mnyamata wotchuka pa sukulupo kukamupempha kuti agone naye, ndipo ngakhale zimenezo sizidachitike, akulola anzake kukhulupirira kuti zidachitika. Lachiwiri ndi Sex Education, la ku Britain, la kuyambira 2019 mpaka 2023. M'menemo mnyamata wamanyazi, Otis, akuyamba kulangiza ophunzira anzake nkhani za kugonana mobisa, m'zimbudzi zakale za pa sukulu, iwo n'kumalipira ndalama. Seweroli limaonetsa poyera zinthu zimene sitingazilembe pa tsamba lino.

Tinene chilungamo, pakuti Msilamu saloledwa kunama ngakhale ponena za chimene akudana nacho. Masewerowa adapangidwa mwaluso ndipo amaseketsa. Amakhudza zinthu zoona zimene mwana aliyense wa Folomu 1 amazidziwa: mantha osekedwa, kusowa mnzako wokhala naye pa nthawi ya chakudya, nsanje, kulira maliro a kholo. Amalemekeza ubwenzi, amadzudzula kunyozana ndiponso kugwiririra. Mwana wa ku Nkhotakota amene amasekedwa chifukwa cha mpango wa kumutu kapena kalankhulidwe ka Chiyao akaona Devi akusekedwa chifukwa cha chikhalidwe cha makolo ake, amamva ngati apeza mbale wake. N'chifukwa chake kungonena kuti “zachabechabe zimenezo” sikumugwira mtima mwanayo. Iye waona kuti si zachabechabe zokhazokha, ndipo ayamba kukayika ngati ife timadziwa chimene tikunena.

Komabe paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali maphunziro atatu amene amalowa mwakachetechete pamodzi ndi phwete.

Phunziro loyamba ndi lakuti ulemu wa munthu pa sukulu umayezedwa ndi amene akumufuna. Ngakhale seweroli pamapeto limayesa kuonetsa kuti maganizo otere ndi olakwika, mwana amakhala atatha maola ambiri akuona kuti nkhani yaikulu pa moyo wa mtsikana wa zaka 15 ndi kusankha pakati pa anyamata awiri.

Phunziro lachiwiri ndi lakuti kudzisunga ndi chinthu chochititsa manyazi, katundu amene munthu ayenera kumutula msanga. Ife timaphunzitsa zosiyana kotheratu. Mu Surat Al-Isra, ndime 32, Allah sadangoletsa chiwerewere chokha, adaletsa ndi kuchiyandikira komwe. Mu Surat An-Nur, ndime 30 ndi 31, lamulo lotsitsa maso lidayamba kuperekedwa kwa amuna lisadafike kwa akazi.

Phunziro lachitatu ndi lakuti zotsatira zake ndi zopepuka. M'sewero, vuto limayamba ndi kutha m'mphindi 30 kapena ola limodzi, mtsikana n'kupita ku yunivesite. Kwathu kuno si momwemo. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa m'chaka cha 2015 ndi 2016 adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena adali oyembekezera, ndipo amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asadafike zaka 18. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, boma lidawerenga atsikana oposa 40,000 amene adatenga pakati m'miyezi yochepa chabe. Sitikunena kuti kanema ndiye adabweretsa zonsezi, ayi. Umphawi, njala ya ana odziphikira okha, ndi abambo akuluakulu opanda manyazi amene amanyengerera ana ndi ndalama za sopo, zidalipo kale foni isadabwere. Koma mwana wanjala amene wauzidwanso kuti “aliyense akuchita” ndiye agwa msanga.

Tsono titani? Ena ati tiwalande mafoni. Sukulu zambiri zogonera konko zimaletsa kale mafoni, ndipo lamulolo tilithandize. Kholo lisamugulire mwana foni mobisa kenaka n'kumadabwa. Koma tisadzinamize. Tikalanda ya mwana wathu, ya mnzake ilipo. Funso lofunika kulifunsa ndi ili: n'chifukwa chiyani sewero la mnyamata wolangiza anzake m'chimbudzi lidakondedwa chomwechi pa dziko lonse? Yankho lake ndi lowawa. Ana ali ndi mafunso okhudza matupi awo ndi mitima yawo, ndipo akulu adatseka pakamwa. Pamene kholo lakhala chete, wina amayankha.

Chisilamu sichidatiphunzitse kukhala chete koteroko. Mabuku a Hadith akutiuza za mnyamata amene adafika kwa Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, n'kumupempha chilolezo chochita chiwerewere. Anthu amene adali pompo adamukalipira. Koma Mtumiki adamuitana kuti asendere pafupi, adamukhazika pansi, n'kumufunsa modekha ngati angakonde kuti zotere zichitikire mayi ake, mwana wake wamkazi, mlongo wake kapena azakhali ake. Mnyamatayo adakana chilichonse. Kenaka Mtumiki adaika dzanja pa iye n'kumupempherera. Taonani, sadamuthamangitse, sadamuchititse manyazi, komanso sadasinthe lamulo. Nayenso mayi wathu Aisha, Allah asangalale naye, adayamikira amayi a ku Madina chifukwa manyazi sankawaletsa kufunsa za chipembedzo chawo, ngakhale zokhudza kumwezi ndi kusamba. Ndipo Qur'an yolemekezeka ili ndi nkhani yakeyake ya mnyamata wokongola, wokhala kutali ndi bambo ake, amene adakopedwa zitseko zili zotseka. Ameneyo ndi Mneneri Yusuf, mtendere ukhale pa iye, amene adasankha ndende kusiyana ndi tchimo. Ndi angati a ife tidawafotokozerapo ana athu Surat Yusuf ngati nkhani ya msinkhu wawo, osati yongoloweza?

Kuno kwathu kudayesedwanso njira ina. M'chaka cha 2017 bungwe la Girl Effect lidayambitsa Zathu, gulu loimba la achinyamata asanu ndi mmodzi, atsikana atatu ndi anyamata atatu, pamodzi ndi pulogalamu ya Zathu Pa Wailesi imene inkakhala ndi sewero, nyimbo ndi malangizo a Gogo oyankha mafunso a omvera. Mutu wake waukulu udali wakuti mnyamata ndi mtsikana angathe kulemekezana ndi kuthandizana popanda chibwenzi. Sipulogalamu ya Chisilamu, ndipo malire ake si onse amene ali malire athu. Ife timaonjezera kuti mnyamata ndi mtsikana asakhale awiriwiri pa malo obisika, ngakhale atati akuwerenga. Koma Zathu idaonetsa chinthu chimodzi: nkhani za achinyamata zingathe kukambidwa m'Chichewa, ndi maina a kwathu, ana n'kuzikonda. Nafenso tili ndi Radio Islam, imene idayamba kuulutsa mawu m'chaka cha 2001, tili ndi magulu a dawa a amayi, tili ndi achinyamata odziwa kulemba ndi kuchita zisudzo. Chikutiletsa n'chiyani kupanga sewero la mtsikana wa hijab wochokera ku Salima amene wapita kukaphunzira ku mapiri, loseketsa, loona, losachita manyazi ndi chipembedzo chake?

Podikira zimenezo, pali zimene banja lililonse lingachite teremu ino.

Choyamba, mwana asadakwere galimoto, akhale pansi ndi munthu wamkulu amene amamasuka naye. Mwambo wathu sulola kuti bambo akambe zina ndi mwana wake wamkazi, koma azakhali alipo, agogo alipo, amalume alipo kwa anyamata. Malangizo a tsiku limodzi la ku ndakala kapena ku jando sakwanira zaka zinayi za sekondale. Kukambirana kukhale kwa tchuthi chilichonse.

Chachiwiri, tikaone ndi maso athu kumene mwana akugona. Kuchoka ku Salima kufika ku Mvera si ulendo wa tsiku lonse. Tidziwe mwini nyumba, tidziwe anzake ogona nawo, tifunse banja la Chisilamu lapafupi kuti lizimuyang'anira ndi kumuitana pa Ijumaa ndi m'mwezi wa Ramadhani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo ufa ndi ndiwo zisamathe teremu ili pakati, chifukwa njala ndi imene imatsegulira khomo anthu oipa.

Chachitatu, pa tchuthi timufunse mwana zimene anzake akuonera, mopanda ukali. Zolaula zenizeni tizikane poyera, palibe kukambirana. Koma pa sewero wamba, timufunse kuti: “Kodi mtsikana uja adapindulanji ndi bodza lake? Nanga zikadachitika kuno, akadalipira ndani?” Mwana amene waphunzira kufunsa mafunso otere ali ndi chishango chimene adzapita nacho kulikonse, ngakhale kumene ife kulibe.

Chachinayi, tiwaphunzitse kusiyanitsa kutchuka ndi ubwenzi. Mtumiki adafanizira bwenzi labwino ndi wogulitsa mafuta onunkhira, ndipo bwenzi loipa ndi wosula zitsulo amene moto wake ungakuwotchere chovala. Mnzako mmodzi wokudzutsa pa Swala ya Fajr ndi kukubwereka kope aposa khamu lokuombera m'manja. Ndipo mwana adziwe kuti mpango wake si mlandu. M'chaka cha 2021 atsogoleri a Chisilamu ndi a Chikhristu, mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, adasainirana mgwirizano wolola atsikana a Chisilamu kuvala hijab m'sukulu za mishoni zothandizidwa ndi boma.

Chachisanu, anyamata tisawasiye. Nthawi zambiri ukali wonse umagwera mtsikana, mnyamata n'kumayenda momasuka ngati adalibepo. Pamaso pa Allah mlandu ndi umodzi.

Chomaliza, ngati tsoka lagwa, mwana watenga pakati, tisaonjeze bala pa bala. Khomo la kulapa ndi lotsegula, ndipo khomo la sukulu nalonso ndi lotsegula, pakuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera m'kalasi akabereka. Kumuthamangitsira ku ukwati pofuna kubisa manyazi si yankho, ndiponso malamulo a dziko lino, monga adakonzedwera mu 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

Kwa inu ana athu amene mukuwerenga tsamba lino muli ku mapiriko, tikuti: amene amasewera m'kanemamo ndi anthu olipidwa, ambiri a iwo ndi akuluakulu ovala ngati ana a sukulu, ndipo kamera ikazima amabwerera kwawo opanda chilonda. Inu moyo wanu ndi weniweni. Funsani, musaope. Safunsa adadya phula.

Makolo ndi achinyamata amene muli ndi maganizo pa nkhaniyi, tilembereni kudzera kwa mkonzi, ndipo makalata ena tidzawayankha m'kope likudzali popanda kutchula maina. Allah awasunge ana athu kulikonse kumene ali, awapatse anzawo abwino, ndipo ife makolo atipatse lilime lofewa ndi mtima wolimba. Ameen.