Mawu a Ufulu ndi Goli la Akapolo

Abale athu a m'midzi ya kuno ku Phalombe, nonse muudziwa mpata uja uli pakati pa Phiri la Mulanje ndi la Michesi. Kale anthu omangidwa m'magoli ankapyola pamenepo kunka kunyanja ku Quelimane kukagulitsidwa, ndipo linga la Fort Lister linamangidwa m'chaka cha 1893 kuti litseke njirayo. Pakumva izi, ena ayesa kuti ukapolo unali ntchito ya anthu osaphunzira okha. Iyayi, si tero. Tamverani mbiri ya mkulu wina wa ku America.

Dzina lake ndi Thomas Jefferson, wa ku Virginia. Ndiye amene analemba kalata ya 1776 imene dziko lake linalengeza nayo ufulu wake kwa Angerezi, nanenetsa m'menemo kuti palibe munthu wolengedwa woposa mnzake. M'chaka cha 1779 anapempha lamulo lakuti anyamata ndi atsikana omwe aphunzire zaka zitatu osalipira. Analamulira dzikolo kuyambira 1801 kufikira 1809, nayambitsa sukulu yaikulu ya University of Virginia mu 1819.

Koma munthu yemweyo, pa moyo wake wonse, anali ndi akapolo oposa 600, ambiri a iwo pa munda wake wa Monticello. Sukulu yaulere ija anaifunira ana a mfulu okha. Pomwalira mu 1826 anasiya mawu omasula asanu okha. Ena 130 anayamba kugulitsidwa mu 1827 kuti ngongole zake zibwezedwe, ndipo mabanja anapasuka. Iye mwini anavomera kuti ukapolo ndi choipa. Chimene chinamkanika ndicho kutaya phindu limene anali kudyapo.

Tsono tisafulumire kumloza chala tisanayang'ane pakhomo pathu. M'nyumba zambiri muli mwana wamasiye, kapena wa mbale wosauka. M'mawa ana athu obala atenga makope kunka kusukulu, iye atsala kutunga madzi, kulera khanda ndi kuweta mbuzi. Timutcha mwana wathu pakamwa, koma timgwiritsa ntchito ngati wogulidwa. Kodi goli limeneli lisiyana bwanji ndi lija, ngakhale silioneka pakhosi?

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu abambo ndi amayi, werengani ana onse ogona m'nyumba mwanu, ndipo sukulu ikatsekulidwa, onsewo alembedwe maina, osatsala ndi mmodzi yemwe.