Kompyuta ndi cigayo, imagaya cimene yathiridwa

Caka ndi caka makolo a ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Petauke amagulitsa cimanga ndi nshawa, ena ngakhale ng'ombe, kuti ana awo akaphunzire za kayendetsedwe ka malonda ku Migodi. Ana amenewa akabwera pa chuthi amasimba za phunziro lina lacilendo, losanthula ziwerengero pa kompyuta. Kholo limene latulutsa thukuta lili ndi ufulu wodziwa ngati phunziro limeneli lili ndi phindu. Phindu lilipo ndithu, koma limaoneka pokhapokha mwana akaphunzira kuganiza asanaphunzire kutobwanya makina.

Maphunziro a zamalonda ku Kitwe anayamba mu 1978 pansi pa University of Zambia, ndipo mu 1987 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Copperbelt University kukhala sukulu yoima payokha. Ku Ndola nako kuli masukulu ophunzitsa zamalonda, monga Northrise University. Ophunzira a masiku oyamba aja anali kuwonkhetsa ndi pensulo ndi kamakina ka m'manja. A lero ali ndi mapulogalamu a pa kompyuta. Odziwika kwambiri ndi Excel, SPSS imene inayamba ku America mu 1968 ndipo kampani ya IBM inaigula mu 2009, ndi R imene inapangidwa ndi aphunzitsi awiri, a Ross Ihaka ndi a Robert Gentleman, ku Auckland m'dziko la New Zealand. Nchito imene kalaliki anali kugwira mwezi wathunthu, makina amenewa amaitsiriza madzi a tiyi asanawire.

Kufulumira kumeneku nkwabwino, ndipo dziko likukufuna. Mkuwa umene Zambia anakumba mu 2023 unapitirira pang'ono matani 700,000, ndipo mu 2024 unapitirira matani 820,000. Kapitawo wa pa mgodi wa Nkana, wosunga katundu m'fakitale ya ku Ndola ndi mlembi wa kopaletivu ya alimi, onsewa ayenera kudziwa kuwerenga manambala otere ndi kuona kumene zinthu zikulowera. Wolamulira mongoganizira amataya cuma ca eni ake.

Koma kompyuta ili ngati cigayo. Mai akathira cimanga cofumbwa, cigayo sicikana, cimagaya ndithu, ndipo ufa umatuluka wowawa. Momwemonso wophunzira akathira manambala olakwika, makina amatulutsa yankho lolembedwa bwino, lokhala ndi zithunzi zokongola, koma labodza. Bodza lotere nloopsa kuposa la pakamwa, cifukwa anthu amaopa kutsutsa pepala locokera m'makina.

Colakwa coyamba cimacitika posankha anthu ofunsidwa. Palibe amene angafunse alimi onse a m'boma limodzi, conco amafunsa owerengeka kuti aimire anzawo. Mai wodziwa kuphika sadya mphika wonse pofuna kudziwa ngati mcere wakwana. Amayamba watakasa, kenaka nkulawa pang'ono. Wophunzira amene afunsa alimi a m'mbali mwa msewu wa tala okha, cifukwa ku midzi ya kutali galimoto sifika, walawa asanatakase. Makina sadzamuuza kuti midzi ina waisiya.

Colakwa caciwiri cili pa avareji. Mwacitsanzo, m'mudzi wa alimi khumi, asanu ndi anayi akolola matumba 10 aliyense, ndipo mmodzi wa ng'ombe ndi feteleza wakolola matumba 110. Onse pamodzi ndi matumba 200, ndipo makina adzanena kuti avareji ndi matumba 20 pa mlimi. Masamuwo ngolondola, koma m'mudzimo mulibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi matumba 20 m'nkhokwe. Wophunzitsidwa bwino amandandalika zokolola kuyambira zocepa kufikira zoculuka nayang'ana za munthu wapakati, ndipo amapeza matumba 10. Amene sanaphunzire zimenezi adzalembera akulu ake kuti mudziwo uli ndi cakudya cokwanira, ana akugona ndi njala.

Colakwa cacitatu cimacokera kumudzi komwe. Alimi ena akaona munthu wa pepala amabisa zokolola poganiza kuti akudza ndi msonkho, ndipo ena amacepetsa dala poyembekezera thandizo. Kucita tero nkudzichera msampha. Pa 29 February 2024 a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Kafukufuku wa zokolola wa caka cimeneco anaonetsa cimanga ca matani pafupifupi 1.5 miliyoni, pamene caka ca m'mbuyo cinapitirira matani 3.2 miliyoni. Manambala otere ndiwo amathandiza Boma kudziwa cimanga cofunika kuitanitsa kunja ndi maboma oyenera kuyamba kulandira thandizo. Nambala iliyonse inayambira pa mlimi amene anafunsidwa za munda wake. Kalembera wa 2022, amene bungwe la Zambia Statistics Agency linacita ndi timakina ta m'manja kwa nthawi yoyamba, anapeza anthu opitirira 19.6 miliyoni. Timakinato tinangosunga zimene eni nyumba ananena pakhomo.

Ena amati kale akulu anali kuyendetsa masitolo ndi mabasi popanda kompyuta, conco phunziroli nlongotayitsa nthawi. Nzoona kuti nzeru za malonda sizinabwere ndi makina. Koma wamalonda wakale anali kudziwa makasitomala ake onse ndi maina. Wa lero, wogula soya kwa alimi zikwizikwi, sangasunge zonse m'mutu. Cofunika nkuphatikiza nzeru zakalezo ndi cida catsopano.

Cifukwa cace aphunzitsi a ku Kitwe ndi ku Ndola acita bwino akamayamba atuma ophunzira ku msika wa Chisokone kapena wa Masala kukafunsa ndi kulemba okha mitengo, asanawakhazike pa makina. Wophunzira aziwonkhetsa kaye ndi dzanja manambala ocepa kuti aone cimene makina amacita. Pa mayeso azifunsidwa kufotokoza yankho lake m'mau osavuta, oti agogo ake angamve. Amene alipira mnzake kuti amusanthulire ziwerengero akuba thukuta la makolo ake, ndipo adzaonekera poyera tsiku loyamba pa nchito. Masukulu aganizirenso za mtengo. SPSS imafuna laisensi yolipira, pamene R ndi yaulere, ndipo mwana wa mlimi angapitirize kuigwiritsa nchito atatsiriza maphunziro.

Makolo nawo ali ndi mbali yawo. Mwana akabwera pa chuthi, ampatse buku la kopaletivu kapena la kalabu ya azimai kuti aonetse cimene waphunzira: mbeu imene yabala bwino zaka zitatu zapitazi, mwezi umene mtengo wa nshawa umakwera, ndi ngongole zimene sizinabwezedwe. Akayankha zomveka, ng'ombe ija sinapite cabe. Akangochula maina a mapulogalamu, amubweze kuti akafunse bwino aphunzitsi ake, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.