Mapaundi Khumi a Loweruka

Pali nkhani imene timaikamba mwanthabwala tikakumana pa maphwando, koma sitinaikhalirepo pansi pa msonkhano wa bungwe. Nkhaniyi ndi ya kubetcha mpira ndi kutchova juga pafoni.

Ambiri a ife tidayamba ndi mapaundi khumi Loweruka masana, pofuna kuti masewero a Arsenal kapena Manchester United akomeko pang'ono. Tisanamizane, zimakomadi. Munthu amene wagwira mashifiti anayi a usiku kunyumba yosamalira okalamba, miyendo itatupa, akaona chigoli chimene chamubweretsera mapaundi 80, mtima umadumpha ngati wa mwana. Koma tonse tikudziwa kuti alipo ena pakati pathu amene ndalama ya feteleza saitumizanso kumudzi pa nthawi yake, amene fizi ya mwana wa mlongo wawo imachedwa, amene amadumpha mwezi wawo pa chipereganyu. Tikawafunsa amati zinthu zakwera mtengo ku Mangalande. Zakweradi, koma si zokhazo.

Masamu a juga sabisika. Gudumu la roulette lili ndi manambala 37, koma wopambana amalipidwa ngati kuti manambalawo ndi 36. Kusiyana kwakung'onoko kukutanthauza kuti pa mapaundi 100 alionse amene azungulira pa gudumulo, pafupifupi mapaundi 2.70 amatsalira mwini malo, ndipo amene amasewera tsiku ndi tsiku amapereka msonkho umenewu kambirimbiri. Nanga tikiti ija timaikonda, yosonkhanitsa masewero khumi pamodzi? Ngakhale timu iliyonse itakhala ndi mwayi wopambana kasanu ndi kamodzi mwa maulendo khumi, mwayi woti onse khumi apambane ndi umodzi pa 165. N'chifukwa chake timamva kawirikawiri mawu aja akuti "yandiphonyetsa timu imodzi yokha". Kuphonya ndi imodziko ndi kumene kumatikokanso sabata yotsatira.

Boma la dziko lino lidaona vutoli. M'mashopu obetchera mudali makina amene munthu ankatha kuikapo mapaundi 100 pa masekondi 20 alionse, ndipo mu April 2019 malirewo adatsitsidwa kufika pa mapaundi awiri. Mayi Tracey Crouch adatula pansi unduna wa zamasewero mu 2018 pokwiya ndi kuchedwa kwa lamuloli. Mu April 2020 kubetcha ndi khadi langongole kudaletsedwa. Zonsezi ndi zabwino. Koma shopu ija tsopano idalowa m'thumba mwathu, sitseka usiku, ndipo palibe mnansi amene amationa tikulowamo.

Apa ndi pamene tiyenera kuganizanso za kudziletsa. Tidaleredwa kuti munthu wodziletsa ndi amene amayang'anizana ndi chiyeso maso ndi maso n'kuchikana. Ife tikuona kuti maganizo amenewa ndi amene agwetsa ambiri. Pa 2 koloko ya usiku, uli wekha m'kachipinda ka lendi, watopa, wasowa kwanu, malipiro angolowa kumene kubanki, mtima wa munthu sukhala wolimba. Lonjezo limene tidapanga Lamulungu kutchalitchi silimvekanso nthawi imeneyo. Kudziletsa kwenikweni kumachitika m'mawa, mutu uli bwino: munthu amadzitsekera yekha chitseko n'kupereka kiyi kwa wina, podziwa kuti madzulo adzakhala wofooka.

Njira zake zilipo ndipo ndi zaulere. Pali GamStop, imene munthu amalembetsako dzina lake kuti makampani onse a juga a pa intaneti amene ali ndi chilolezo ku Britain amukanize kwa miyezi isanu ndi umodzi, chaka, kapena zaka zisanu. Ukalembetsa sungafufute nthawiyo isanathe, ndipo mphamvu yake yagona pomwepo. Mabanki ambiri amalola kutseka khadi kuti lisalipire juga, ndipo ena amakudikiritsa masiku awiri kapena kuposerapo usanalitsegulenso, nthawi yokwanira kuti chilakolako chizirale. Ndipo pali njira yathu yakale: tsiku lamalipiro, lendi ilipiridwe, ya kumudzi ipite, ya chipereganyu iperekedwe, dzuwa lisanalowe. Ndalama imene yafika kale kwa mayi ku Dedza singabetchedwe ku Leeds.

Chovuta kwambiri kwa ife amuna ndi kuuza munthu wina. Timaopa kuti nkhani ifika kumudzi isanakwane sabata, ndipo mantha amenewa si opanda pake, pakuti pakamwa pathu timapadziwa. Komabe mayi wa kunyumba amakhala atadziwa kale. Chimene sadziwa ndi kukula kwa ngongole. Amene afika pobwereka katapira kuti abweze zimene adaluza adziwe kuti limeneli ndi vuto limene madokotala amalizindikira, ndipo NHS ili ndi zipatala zake, monga cha ku London chimene chidatsegulidwa mu 2008 ndi cha ku Leeds cha mu 2019. Kupitako si kuchepa umuna.

Nafenso monga bungwe tili ndi mbali yathu. Pagulu lathu la WhatsApp timaombera m'manja amene waika chithunzi cha tikiti yopambana, koma palibe amene adaikapo matikiti makumi atatu amene adaluza mwezi womwewo. Mnyamata amene wangofika kumene kudzaphunzira amangoona mkuyu wakupsa, nyerere za m'kati saziona. Tikupempha kuti zithunzi zimenezi zilekeke. Tikupemphanso kuti thumba la maliro lizitulutsa ndalama ndi masiginecha awiri, osati chifukwa chokayikira msungichuma wathu, koma kuti tisamusenzetse yekha chiyeso chotere.

Chotsiriza ndi Loweruka lenilenilo. Munthu akasiya kubetcha, masana a tsikuli amasanduka dzenje, ndipo dzenje likapanda kukwiriridwa amabwereramo. Holo imene timachitiramo misonkhano ikhoza kupezeka Loweruka limodzi pa mwezi, ndipo alipo ena mwa ife amene adabwera ndi bawo kuchokera kumudzi. Tiwapemphe abwere nalo, tiphike nsima, mpira tionere limodzi mafoni ali m'thumba. Nkhaniyi tiikambirane pa msonkhano ukubwerawu.