Zikomo atasanduka ndalama

Ku Amoy, doko la kumwera chakum'mawa kwa China lomwe lero likutchedwa Xiamen, anthu amalankhula Chihokkien, ndipo pothokoza amati kam-sia. M'zaka za m'ma 1800, amalinyero a ku Ulaya ankamva mawuwa kwa onyamula katundu ndi opemphetsa akawaponyera kandalama. Poti chilankhulocho sankachimva, anayesa kuti limenelo ndi dzina la ndalamayo. M'Chingerezi mawuwa anasanduka cumshaw, kangachepe kopatsa munthu amene wakugwirira ntchito. Dokolo linatsegulidwa kwa amalonda a ku Britain pa pangano la Nanking mu 1842. Ngakhale dzina la tiyi amene timamwa ndi mandasi gwero lake ndi Chihokkien chomwecho, poti eni ake amati te.

Pakati pa asilikali apanyanja a ku America mawuwa anapita patsogolo. Cumshaw inakhala kupeza zipangizo mozembera, kusinthanitsa ndi khofi, osadzera m'mapepala. Ulendo wochoka pa kuthokoza kukafika pa kuzembera ndi umene ukundikhudza, chifukwa kwathu kuno tikuudziwa.

Pa msika wa Chirimba mnyamata wa wilibala amanyamula thumba la chimanga kukwera nalo chitunda. Mtengo munagwirizana kale. Akafika pakhomo, malaya atanyowa ndi thukuta, mumamupatsa yake n'kuwonjezerapo pang'ono: "Iyi ndi ya madzi, achimwene." Amalandira ndi manja awiri. Mayi wa tomato naye, mukagula milu iwiri, amaponyamo m'modzi wa pulaizi kuti mawa mudzabwerenso. Palibe wakakamiza mnzake. Mukanatha kusapereka, ndipo thumba likanafikabe.

Koma mawu omwewa amamvekanso pa zenera la ofesi, ntchito isanayambe. "Ya fanta ilipo?" Fayilo yanu ili pansi pa ena, ndipo amene akufunsayo amalandira malipiro pa mwezi chifukwa cha ntchito imeneyo. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, lomwe linabala bungwe la Anti-Corruption Bureau, silinena za fanta kapena madzi, koma chimene likuletsa ndi chomwechi. Timachiveka mawu ofewa kuti onse awiri asachite manyazi, wopempha ndi wopereka.

Ena amati malipiro ndi ochepa, moyo wa m'tauni wakwera, tisawaweruze. Zoti moyo wakwera ndikuvomereza. Komabe ndikaona amene amaima pa mazenera oterowo ndimapeza kuti ambiri ndi ngati mayi wa tomato uja, amene wasiya benchi lake m'manja mwa mwana, wakwera minibasi kupita m'tauni kukafuna pepala limene ndi lake kale mwa lamulo. Ndalama ya fanta imene akumufunsayo ndi phindu lake la tsikulo, ndipo akakana abwerera ku Chirimba chimanjamanja, kuti mawa adzalipirenso minibasi.