MAU A PA SABATA: Mana a M'cipululu ndi Cimanga Cacikasu

Akulu-akulu a m'midzi yozungulira Chipata, kwa Mpezeni, kwa Madzimawe ndi kwa Chanje, sanaiwale caka ca 1992. Mvula inadula cimanga cikumasula, minda inapserera, ndipo nkhokwe zinayamba kugonamo nkhuku. Boma linaitanitsa cimanga cacikasu kucokera kunja, makamaka ku America, ndipo mipingo inathandiza kucigawa. Cimangaco cinapulumutsa miyoyo yambiri. Koma ena anacilandira nkhope ziri zamakwinya, nati nsima yace inunkha, ndi kuti kwao kumene cinacokera amadyetsa nkhumba.

Kudandaula kotere nkwakale. Pa Eksodo 16 pakambidwa kuti Aisrayeli, patangopita mwezi umodzi cicokere ku Aigupto, anayamba kung'ung'udzira Mose ndi Aroni cifukwa ca njala. Anthu amenewa anali ataona ndi maso ao nyanja ikugawikana. Mulungu sanawalange pa kulira kwao koyambaku, pakuti kulira njala si cimo. Anawapatsa mana, munthu aliyense muyeso wa tsiku limodzi. Ena, posakhulupirira kuti mawa adzagwanso, anabisako, ndipo kutaca anapeza muli mphutsi. Amene anaonapo munthu akulembetsa maina awiri pa tsiku logawa cakudya ca cithandizo, mnansi wace wamasiye nabwerera ndi thumba lopanda kanthu, sangadabwe ndi mphutsi zimenezi.

Coipa ceni-ceni cioneka pa Numeri 11. Mana aja anawakola. Anayamba kukumbukira nsomba, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo za ku Aigupto, naiwala njerwa zimene anali kuumba ndi mkwapulo wa akapitao. Mimba inakumbukira ndiwo, msana unaiwala mikwingwirima. Anapatsidwa zinziri zimene anazilirira, koma mliri unawagwera nyama iri m'kamwa, ndipo malowo anachedwa dzina lotanthauza manda a cilakolako.

Atafika pafupi ndi Kanani, Mose anatuma azondi khumi ndi awiri amene anayenda m'dzikomo masiku 40. Anabwerako ndi tsango la mphesa lonyamula amuna awiri pa mtengo. Onse anaona nthaka imodzi-modzi. Khumi anakamba za malinga ndi zimphona zokha, pamene Yoswa ndi Kalebe anaumirira kuti dzikolo lingalowedwe. Khamu linamvera khumi aja, linafuna kusankha mtsogoleri wobwerera naye ku ukapolo, ndipo mbadwo umenewo unathera m'cipululu pa zaka 40. Wolemba kalata ya kwa Ahebri, pa mutu 3, acenjeza Akristu kuti cimene cinatsekera anthuwa pakhomo ndi kusakhulupirira, osati mphamvu ya adani.

Pa 29 Febuluwale 2024, Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, ndipo Cigawo ca Kum'mawa sicinapulumuke. Pambuyo pa caka cotere, mau a azondi khumi amveka m'mudzi uliwonse: kulima kulibenso phindu, mbeu ingodyedwa, mvula anaimanga ndi uje. Mau otsirizawa ndiwo oopsa, cifukwa agwetsera nkhalamba zosalakwa m'milandu ya ufiti, ndipo pakati pa oloza cala pamapezeka ndi anthu oimba kwaya pa Sabata.

Mlimi wacikhulupiriro sakana kuti kunja kwaopsa. Kalebe nayenso anaziona zimphonazo. Koma amanga mbeu yace pa denga pamene utsi ufika, akonza munda dzuwa la Okutobala liri pamutu, asakaniza cinangwa, mapira ndi nyemba kuti asadalire cimanga cokha, ndipo pogwada akumbutsa ana ace kuti mu 1992 banja linadya nsima yacikasu nilikhala ndi moyo.

Kalebe anali ndi zaka 40 pamene anakazonda dziko. Pa Yoswa 14 aoneka ali ndi zaka 85, anzace khumi aja atagona kale m'mcenga, akupempha Yoswa kuti ampatse dziko lamapiri la Hebroni, kumene kunali zimphona zija, kuti akaligwire yekha.