Wosintha nambala ya lamya azitsazika ngati wosamuka pamudzi

Kale banja likafuna kusamuka pamudzi silinkangomanga mitolo m'bandakucha n'kumapita. Mwini mbumba ankayamba wapita kwa nyakwawa kukatula mawu, kenaka n'kuyenda khomo ndi khomo kutsazika. Ankatchula dera limene akulowera ndi dzina la mfumu ya kumeneko, kuti tsiku lina kukagwa zovuta amithenga asadzasochere m'njira. Munthu wochoka mwakachetechete ankamuganizira zoipa: mwina wathawa ngongole, mwina wathawa mlandu. Pamene achokapo pankatsala bwinja, ndipo aliyense wodutsa ankadziwa kuti ili ndi bwinja la auje, eni ake ali kwakutikwakuti.

Masiku ano kwabwera kusamuka kwa mtundu wina, kochitikira pansi pa ambulera ya wogulitsa mayunitsi. Mnyamata amva pa wailesi kuti kampani ina yatsitsa mtengo wa bandulo. Atulutsa chiphaso cha unzika, alembetsa simukhadi yatsopano, yakale ija n'kuiponya m'thumba la malaya momwe idzachapidwire limodzi ndi malayawo. Iye aona ngati wangosintha kakhadi. Koma kwa agogo ake ali ku Ntchisi, amene adauza mwana wa sukulu kuti awalembere nambala ija ndi khala pakhoma la khitchini, mdzukuluyo wasamuka usiku osatsazika. Nambala ija ndiyo inali khomo lake lokhalo limene iwo ankalidziwa.

Kusintha kampani si mlandu ayi. Ndalama ndi za mwini wake, ndipo kampani imene ikudziwa kuti makasitomala ake angathe kuithawa ndiyo imawasamala. Nkhani ili pa kasamukidwe. Ambiri amasamuka asanamvetse kuti malire a dera la lamya ali pati, ndipo amachoka osatseka zitseko za kumene achokera.

Za malirezi ndi bwino kuyambira kumbuyo, pakuti achikulire ambiri akadaganizabe monga zinthu zinkayendera nthawi ya lamya za mawaya. Nthawi imeneyo mtengo unkatsata mtunda. Kuimba kuchokera ku Limbe kupita ku Blantyre kunali kotsika, kuimba ku Mzuzu kunali kokwera, ndipo mlembi wa pa ofesi ankakhoma lamya ndi loko poopa bilu ya kumapeto a mwezi. Nambala inkanena yokha kwao. Pa nambala za mawaya zoyamba ndi 01, chiwerengero chotsatira chikakhala 7 munthu ankadziwa kuti ndi ku Lilongwe, chikakhala 6 kapena 8 ndi ku Blantyre, 5 ndi cha ku Zomba, 3 ndi cha ku Mzuzu. Lamya zimenezi zinali m'manja mwa bungwe la boma loona za mapositi ndi lamya, limene mu 2000 lidagawidwa pawiri, mbali ya lamya n'kukhala MTL. Anthu wamba ankaima pamzera pa positi ofesi, ndipo wakumudzi ankadalira kalata, telegalamu, kapena mauthenga achisoni a pa wailesi ya MBC.

Lamya za m'manja zidasokoneza zonsezi. TNM idakhazikitsidwa mu 1995, Celtel idayamba mu 1999, n'kusanduka Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Chimene chidafikitsa lamyazi kwa mlimi ndi wogulitsa mandasi ndi njira yolipiriratu: kugula khadi, kulikanda ndi chikhadabo, kulowetsa manambala, n'kulankhula mpaka mayunitsi atatha. Panalibenso bilu yodzidzimutsa. Ndipo pa lamya zimenezi mtunda wa m'kati mwa dziko ulibe mtengo. Wa ku Nsanje akaimbira wa ku Chitipa amalipira chimodzimodzi ngati akuimbira mnansi wake wa kuseri kwa nkhokwe. Pali agogo ena mpaka lero amene amafulumira kudula lamya ya mwana wawo wa ku Karonga, ati n'kutali, mayunitsi angathe msanga. Mdzukulu wabwino awafotokozere kuti mantha amenewo ndi a nthawi ya mawaya.

Komatu malire sadathe, adangosuntha. Dera la munthu tsopano ndi kampani yake. Anthu awiri okhala m'nyumba imodzi, wina nambala yake yoyamba ndi 099 kapena 098, winayo 088 kapena 089, ali m'midzi iwiri yosiyana. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu akaimbira wa kampani ina, kampani yake imalipira inzakeyo chifukwa chomufikitsira mawu pa nsanja zake, monga mlendo alipira mwini bwato kuti amuwolotse. Malipiro amenewa amayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. N'chifukwa chake mabandulo ambiri a mphindi zochuluka pamtengo wochepa amagwira ntchito poimbira a kampani yomweyo basi, pamene oimbira kulikonse amakhala ndi mtengo wawo. Manambala oyambawo asanduka ngati chiwongo: munthu akangomva 0999 kapena 0888 wadziwiratu mtundu wa mnzakeyo, monga wadziwira Phiri ndi Banda. Adziwanso kuti nambalayo ndi yamkhalakale, pakuti zambiri zoyamba chotero ndi zija zidatalikitsidwa mu 2009 kuchokera ku 09 ndi 08.

Apa ndi pamene mnyamata uja amapunthwa. Iye waona mtengo wa bandulo pachikwangwani, koma sadawerenge anthu amene amawaimbira kawirikawiri. Ngati amayi ake, malume ake, abwana ake ndi amene amamuoda tomato onse ali ku kampani imene waisiya, ndiye kuti wathawa mtengo wochepa n'kukakumana ndi waukulu tsiku ndi tsiku. Safunsa adadya phula. Ndipo funso loposa onse silili pachikwangwani: kodi kumudzi kumagwira netiweki iti? Alipo madera kumene kampani imodzi imamveka mpaka m'chipinda chogona pamene inayo imafuna kuti munthu akwere pachulu. Kutsika mtengo kwa mphindi zimene sizikufika kumene munthu akuzifuna n'kopanda pake. Palinso lamya zina, makamaka zogulidwa pamtengo wotsitsidwa kapena pangongole, zimene zimakhala zokhomedwa kuti zilandire simukhadi ya kampani imodzi yokha. Wosamuka ayambe wayesa khadi ya mnzake asanataye ndalama.

Amalawi ambiri adathetsa mkanganowu mwa njira yawoyawo, pogula lamya zolowa makhadi awiri. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wina angaganize kuti mwambiwu wagonja, popeza wa makhadi awiri ndiye savumbwa: uku kukagwa netiweki athawira uko. Zoona zilipo pamenepo. Koma mwambiwu sudafe. Wa makhadi awiri kapena atatu, amene lero aimba ndi iyi mawa ndi iyo potsata kumene kwatsika mtengo sabata imeneyo, amafika poti abale ake sadziwa kuti nambala yake yeniyeni ndi iti. Tsiku la zovuta amayesa zonse, zonse n'kupezeka zozimitsa. Munthu akhale ndi makhadi ochuluka monga afunira, koma imodzi ikhale nyumba yaikulu, yodziwika kwa onse, yosazima. Zinazo zikhale zisakasa za kumunda.

Malire ena ndi a dziko, ndipo awa amaluma kwambiri anthu a m'mphepete. Wodutsa pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu amadziwa kuti pa Lizulu msewuwo ndiwo malire: mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique, kabichi ndi mbatata ya kachewere zikugulitsidwa mbali zonse m'Chichewa chimodzimodzi. Mphepo ya netiweki siima pa malire. Lamya imene idaloledwa kugwira ntchito kunja imatha kudumphira yokha pa nsanja ya dziko lina mwini wake asakudziwa, ndipo ikatero amalipira ngati mlendo ali kunja, chonsecho mapazi ake ali kwao. Zotere zimachitikanso cha ku Mchinji, ku Mwanza, ku Muloza ndi ku Songwe. Mankhwala ake ndi kuyang'ana dzina la netiweki limene lalembedwa pagalasi la lamya, ndi kuiuza lamyayo kuti isamasankhe yokha netiweki. Amene amapita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a maiko atatu amasonkhana mwezi wa Ogasiti kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ayenera kufunsiratu mtengo wa kuimba ndi wa kulandira ali kunja. Mbumba ikhoza kukhala imodzi, koma msuweni wa ku Chipata ali pa +260, wa ku Angonia ali pa +258, ndipo kumuimbira n'kuimba kunja ngakhale utsi wa kukhitchini kwake ukuoneka.

Adzukulu amene ali kutali amakumana ndi malire a mtundu wachitatu. Ku South Africa, kumene nambala ya dziko ndi +27, lamya za m'nyumba ndi m'maofesi zikadali ndi zizindikiro za madera: 011 ndi Johannesburg, 012 ndi Pretoria, 021 ndi Cape Town, 031 ndi Durban. Ku Britain, pa +44, London ndi 020. Poimba kuchokera kunja, 0 woyambayo amasiyidwa, ndipo n'chimodzimodzi poimbira ku Malawi: pambuyo pa +265 pamabwera 99 kapena 88, osati 099. Kanthu kakang'ono aka kalepheretsa anthu ambiri kupereka uthenga pa ola lofunika. Koma chachikulu chimene maiko awiriwa ali nacho n'chakuti munthu amaloledwa kusamuka ndi nambala yake. Ku Britain zidayamba mu 1999, ku South Africa mu 2006, ndipo Kenya ndi Ghana adatsatira mu 2011. Kumeneko wosintha kampani ali ngati wasintha denga, khomo n'kukhala lomwe lija. Kuipa kwake n'kwakuti chiwongo chija chimasokonekera: 082 sitanthauzanso kuti munthuyo ali ku Vodacom, kapena 083 kuti ali ku MTN. Komabe kuipa kumeneko n'kochepa poyerekeza ndi ubwino wake. Munthu amene sangachoke popanda kutaya dzina lake amapirira zambiri zimene sakadayenera kupirira.

Pamene nambala ikutsala m'mbuyo, bwinja limafunika kulisesa. Nambala ya lero si yolankhulira chabe. Chiyambire pamene Airtel Money idayamba mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, nambala ndi chikwama. Banki imatumiza manambala achinsinsi pa nambala imene munthu adalembetsa. WhatsApp, kumene kuli gulu la banja lokambirana za maliro, zinkhoswe ndi zopereka za feteleza, imamangidwa pa nambala. Kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, kotero kuti khadi yotayidwa pamsewu imakhalabe ndi dzina la woitaya. Ndipo bwinja la lamya silikhala bwinja mpaka kalekale. Nambala imene yakhala miyezi yambiri osagwira ntchito imabwerera kwa kampani, n'kudzagulitsidwa kwa munthu wina. Pamenepo mlongo wa ku Johannesburg amene sadauzidwe akhoza kutumiza ndalama za mankhwala a mayi ake kwa mlendo wosadziwika, ndipo uthenga wa maliro ukhoza kulandiridwa ndi munthu amene angoyankha kuti mwalakwitsa nambala. Mwa zonse zimene banja lingakhululuke, kusafika pa maliro a kholo chifukwa chothamangira bandulo yotchipa ndi chimene chimakumbukika nthawi yaitali.

Chotero wosamuka atape kaye ndalama zonse za pa nambala yakale, apite ku banki akasinthitse nambala, asamutse WhatsApp yake pogwiritsa ntchito njira yosinthira nambala imene ili momwemo, ndipo khadi yakale aisunge yamoyo kwa miyezi ingapo, akuithira mayunitsi pang'ono, kufikira ataona kuti palibenso amene akugogoda pakhomo lakale. Mwini mbumba, mfumu, mkulu wa komiti ya maliro, ndi aliyense amene nambala yake ili pakhoma la anthu ambiri, aganize kawiri asanasinthe n'komwe, pakuti nambala yakeyo si yake yekha.

Katsazikidwe kake nakonso kali ndi mwambo. Kauthenga kolemba kakuti nambala yanga yatsopano ndi iyi sikakwanira, chifukwa mbava zidaphunzira kale kulemba mawu omwewo. Ndani sadalandirepo uthenga wochokera pa nambala yachilendo wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi? Achikulire amene adaberedwapo kapena kumva za anzawo oberedwa amachita bwino kukayikira. Mdzukulu aimbe ndi nambala yakale imene agogo amaidziwa, apereke moni monga mwa ulemu, afunse za kumunda ndi za miyendo, ndipo pokhapo anene kuti, "Agogo, ndikusamukira ku nambala ina, ndikuimbiraninso pompano kuti muione." Akadula aimbenso ndi yatsopanoyo, kuti mawu omwe aja amveke pa nambala zonse ziwiri. Akatero apemphe mwana wa sukulu amene ali pafupi kuti atenge khala, afafanize yakale pakhoma paja, alembe yatsopano, n'kumuwerengera mmodzimmodzi manambala onse 10 kuti amve ngati alembedwa bwino.