Mtchaina naye adagonapo ndi njala

Mphunzitsi wina wachinyamata kuno ku Chilumba adagula buku pamulu wa mabuku akale ku Mzuzu, ndipo kulakwa kwake kudali kukalikamba pabwalo la bawo. Bukulo ndi Mao's Last Dancer, lomwe Li Cunxin adatulutsa mu 2003. Mkuluyu adabadwa mu 1961 m'mudzi wina pafupi ndi mzinda wa Qingdao, wachisanu ndi chimodzi mwa ana aamuna asanu ndi awiri, m'banja la alimi lomwe linkadalira mbatata zouma kuti lione tsiku lina. Ali ndi zaka 11 boma lidamutenga kukamuphunzitsa zovina ku Beijing, ndipo umphawi adauthawira kumeneko.

Madoda adaseka mpaka kuiwala amene amayenera kusewera. "Aphunzitsi, musatinamize. Mtchaina wosauka mudamuona kuti?" Wina adagamula mlandu wonse: "Ameneyo wangofuna kuti azungu amugule bukulo."

Sindikuwaimba mlandu kwenikweni. Mtchaina amene timamudziwa ife adafika atakhuta kale. Adabwera boma la Bingu wa Mutharika litasiya ubale ndi Taiwan kumapeto kwa 2007, n'kutimangira Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe ndi msewu wa Karonga kupita ku Chitipa. Anzake adatsegula masitolo, mpaka mu 2012 amalonda a pa boma la Karonga adadandaula kuti awalanda msika. Ndiye munthu amene wangoona zimenezi umuuze kuti pakati pa 1959 ndi 1961 njala idapha anthu mamiliyoni makumi angapo ku China, adzakuyang'ana ngati waledzera m'mawa. Ife timaganiza kuti njala ndi mbumba yathu, kuti ya 1949 ndi ya 2002 palibe mtundu wina udalawapo zotere.

Chomwe chidandipsetsa mtima chidabwera pambuyo pake. Mphunzitsi uja, pofuna kudziteteza, adati nafenso tili naye wathu wolemba za umphawi wake, Legson Kayira. Apa ndiye padagwa chete, chifukwa ambiri dzinalo adangolimva patali. Chonsecho munthuyu ndi wakumpoto konkuno, wa ku Nthalire, ndipo adaphunzira pa Livingstonia, pamwamba pa phiri lomwe timaliona tikamapita ku Chitimba. Mu 1958 adanyamuka wapansi, wopanda nsapato, akuti akukafuna sukulu ku America. Adadutsa ku Tanganyika ndi ku Uganda mpaka kukafika ku Khartoum, ndipo pamapeto pake adakalowadi Skagit Valley College m'chigawo cha Washington. Buku lake, I Will Try, lidatuluka mu 1965. Adamwalirira ku London mu 2012.

Mphunzitsiyo atafotokoza kuti Kayira ali khanda mayi ake adamuponya mumtsinje wa Didimu chifukwa chosowa chomudyetsa, ndipo adachita kupulumutsidwa, nkhope zidasintha. Palibe adati ndi bodza. Adati ndi mwano. "Za mayi ako sukamba pagulu. Ameneyo adatiyalutsa kwa azungu."

Mwaona? Mtchaina akalemba za umphawi wake, wanama. Wathu akalemba, watichititsa manyazi. Nanga woyenera kulemba ndani? Dandaulo lomweli ndidalimvanso pamene nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu idasanduka kanema mu 2019: ati chifukwa chiyani dziko lonse liziona ana athu akugona ndi njala, ngati kuti kanemayo ndiye adabweretsa njalayo.

Akuluakulu adati mbewa yamanyazi idafera kuuna, ndipo ine ndimati mbiri yathu ikufera komweko. Pitani pamaliro a munthu wophunzira aliyense, mumvetsere mbiri ya malemu. Adabadwa chaka chakuti, adaphunzira kwakuti, adagwira ntchito m'boma, wasiya ana akuti ndi zidzukulu zakuti. Basi. Palibe amatchula kuti malemuwo ankapita kusukulu atangomwa madzi, kuti fizi idachokera ku usipa womwe mayi awo ankayanika kunyanja, kuti kabudula adali mmodzi, wochapa usiku n'kuvala m'mawa asanaume. Zidzukulu zimabalalika pamanda zikuganiza kuti agogo adabadwira m'nyumba yamalata. Kenako timadabwa anawo akamanyoza kondowole, ndi kuona mnzawo wosauka m'kalasi ngati wotembereredwa. Adzadziwa bwanji, poti tidawabisira?

Pali china chomwe sindigwirizana nacho ngakhale ndi okonda mabuku oterewa. Timangowalandira chifukwa mwini nkhani adatsirizira pabwino: Li Cunxin adakavina ku Houston, Kayira adakafika ku Cambridge. Koma Li adasiya abale ake kumudzi, ndipo Kayira adasiya anzake ambiri ku Nthalire omwe nzeru adali nazo koma mwayi ayi. Nkhani za amenewo ndiye zochuluka, ndipo ndi zomwe sizilembedwa. Msodzi wa pano yemwe wakalamba akukoka khoka, mayi yemwe waphunzitsa ana ndi mpunga wa ku Hara, sadzapita ku America, koma zomwe adaona n'zokwana buku.

Choncho pempho langa likupita kwa inu aphunzitsi, anamwino ndi asilikali opuma ntchito omwe mwadzaza Chilumba. Nthawi muli nayo, poti bawo mumayamba dzuwa lisanatenthe. Gulani kope, mulembe momwe mudakulira, m'Chitumbuka, m'Chinkhonde kapena m'Chichewa, ndipo za njala ndi nsabwe musadumphe. Mukamaliza mupatse mdzukulu wanu awerenge mudakali moyo.